Mimba Ikakula Si Nthawi Zonse Pamakhala Mwana: Abambo a M'migodi, Dziwani za Zotupa za M'chiberekero

Tsiku lina m'mawa, bambo wina wa zaka zoposa 40 anafika ku kiliniki yathu atangoweruka shifiti ya usiku. Anati mutu ukumuwawa ndipo tulo sakuona. Titamuyeza tinapeza kuti magazi akuthamanga pang'ono. Titakhala pansi ndi kucheza, anaulula chimene chinkamudya mumtima. Panali patatha miyezi 11 asanapite kumudzi, ndipo mlongo wake anali atamuimbira foni kuti: "Achimwene, alamu kuno mimba yayamba kuoneka. Ayambanso kudya dothi." Bamboyo anawerenga miyezi ndi zala, n'kuona kuti mimbayo siingakhale yake. Anasiya kutumiza ndalama kwa miyezi iwiri, ndipo anali atauza kale ankhoswe kuti akonzeke kudzamva mlandu pa Khirisimasi.

Ndinamufunsa funso limodzi: "Bambo, kodi mayi a kunyumba akusambabe mwezi ndi mwezi?" Anandiyang'ana modabwa. Pa zaka 16 za banja lawo anali asanafunsepo zimenezo. Madzulo ake anaimba foni. Mkazi wake anamuuza akulira kuti kwa zaka ziwiri wakhala akusamba masiku 10 kapena kuposa, magazi ake ochuluka oti nyanda sizikwana, ndipo akapita kumjigo amaona chizungulire. Atapita ku chipatala cha boma anamuyeza mkodzo n'kupeza kuti alibe pathupi. Sikani inaonetsa zotupa zitatu m'chiberekero, ndipo magazi ake anali atachepa kwambiri moti anamugoneka ndi kumuwonjezera ena. Ndalama za miyezi iwiri zimene mwamuna wake anamumana ndi zimene zikanamufikitsa kuchipatala msanga.

Maganizo anga ndi akuti nkhani ya zotupa za m'chiberekero si ya amayi okha. Bambo aliyense amene amagwira ntchito kutali ndi kwawo, kaya ndi ku Rustenburg, ku Carletonville, ku Kitwe, ku Solwezi, ku Moatize kapena ku Hwange, ayenera kudziwa zizindikiro zake monga momwe amadziwira zizindikiro za TB ndi matenda a fumbi m'mapapo. Ndikuonanso kuti makiliniki a m'migodi ayenera kuyamba kufunsa amayi ogwira ntchito za msambo wawo pa nthawi yopima thupi chaka ndi chaka.

Kodi zotupa zimenezi n'chiyani?

Chiberekero ndi thumba la mnofu wamphamvu. Nthawi zina kachigawo ka mnofuwo kamayamba kukula paokha n'kupanga chotupa cholimba, chozungulira. Achipatala amazitcha zotupa zimenezi kuti fibroids. China chimakhala chaching'ono ngati njere ya nyemba, china ngati ndimu, china chimakula kufika ngati papaya kapena dzungu. Mayi akhoza kukhala ndi chimodzi kapena zambiri. Zina zimamera chakumkati kumene mwana amakhala, ndipo izi ndi zimene zimataitsa magazi kwambiri ngakhale zikhale zazing'ono. Zina zimamera pakati pa mnofu. Zina zimamera chakunja ndipo zimapanikiza chikhodzodzo kapena matumbo.

Zotupazi si khansa. Mwa amayi 1,000 amene ali ndi chotupa cha mtundu umenewu, amene chimapezeka kuti ndi khansa safika ngakhale mmodzi. Zimakula mothandizidwa ndi michere ya m'thupi imene imayendetsa msambo, ndiye chifukwa chake zimaoneka kwambiri mwa amayi a zaka za pakati pa 30 ndi 50, ndipo kawirikawiri zimafota mayi akasiya kusamba.

Ndi zofala kuposa momwe ambiri timaganizira. Kafukufuku amene anasindikizidwa ku America m'chaka cha 2003 anapeza kuti pofika zaka 50, amayi akuda oposa 80 mwa 100 aliwonse amakhala atakhalapo ndi zotupazi, poyerekeza ndi amayi achizungu pafupifupi 70 mwa 100. Mwa amayi akuda zimayamba msanga, zimakula kwambiri ndipo zimavutitsa koposa. Zimayendanso m'magazi: ngati mayi anu kapena akulu anu anali nazo, inunso mukhoza kukhala nazo. Kuyamba kusamba uli wamng'ono kwambiri, kunenepa kwambiri ndi kusaberekapo zimawonjezeranso mpata wokhala nazo.

Amayi ambiri amene ali nazo samva chilichonse ndipo safunika mankhwala. Nkhawa yathu ili pa iwo amene zotupazi zikuwatha magazi ndi mphamvu mwakachetechete.

Zizindikiro zoyenera kuzidziwa

Chakudza sichiimba ng'oma. Zotupazi zimakula pang'onopang'ono, ndipo mayi amazolowera vutolo mpaka kumaona ngati ndi mmene analengedwera. Taonani zizindikiro izi:

Kusamba masiku oposa 7.

Kutaya magazi ambiri moti nyanda kapena padi imanyowa pasanathe maola awiri, kapena kudzuka usiku kukasintha, kapena magazi kupyola mpaka pa chitenje ndi pamphasa.

Kutuluka magazi oundana, okhala ngati zidutswa za chiwindi.

Kumva kulemera kapena kupweteka m'chinena, ndi kupweteka kwa msana chakumunsi.

Mimba kukula, kapena kumva chinthu cholimba pansi pa mchombo mukagona chagada.

Kukodza pafupipafupi, kapena mkodzo kuvuta kutuluka.

Kudzimbidwa kosatha.

Kumva ululu pogonana.

Kuvutika kutenga pathupi, kapena kupita padera kangapo.

Palinso zizindikiro za kuchepa kwa magazi, zimene zimadza chifukwa chotaya magazi mwezi ndi mwezi: kutopa msanga, chizungulire, kupuma mwawefuwefu pokwera kamtunda, mtima kugunda kwambiri, mutu kuwawa, zikhatho ndi mkati mwa zikope kuyera, ndiponso kulakalaka kudya dothi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi amene alibe pathupi magazi ake achepa ngati mulingo wake uli pansi pa 12, ndipo ukatsika pansi pa 8 ndiye kuti achepa koopsa. Kuyeza kwake n'kosavuta ndipo kumachitika m'zipatala zambiri.

Mwaona tsono pamene mabanja amasokonekera. Mimba kukula, kukodza pafupipafupi, kutopa ndi kudya dothi ndi zomwenso anthu kumudzi amaonera kuti mayi ndi woyembekezera. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi wa zotupa amasambabe, ndipo amasamba kwambiri. Kachipangizo koyezera mkodzo kamathetsa mkangano umenewu m'mphindi zochepa. Safunsa anadya phula. Musanaitane ankhoswe, funsani akazi anu, ndipo atumizireni ndalama yoti akayezetse.

Izi sizidikira mawa

Pali zizindikiro zina zimene zimafuna kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo: kutaya magazi mosalekeza mpaka kukomoka, kulephereratu kukodza, ndi kupweteka koopsa kwa m'mimba kobwera mwadzidzidzi, makamaka ngati mwezi wadumpha, chifukwa mwina mimba yakhala panja pa chiberekero ndipo imapha msanga.

Palinso zina zimene musamangoti ndi zotupa basi: kutuluka magazi mukatha kugonana, kutuluka magazi mutasiya kale kusamba, ndi kutuluka chikazi chonunkha. Izi zikhoza kukhala zizindikiro za khansa ya khomo la chiberekero, imene ndi matenda ena osiyana ndi zotupa zimene tikukambazi. Malawi ndi Zambia ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ndi yofala kwambiri padziko lonse, ndipo amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu. Mukapita kukayezetsa zotupa, pemphani kuti akuyezeninso khomo la chiberekero.

Zimene sizili zoona

Pa ntchito yanga ndimamva zambiri. Ena amati mayi wa zotupa anatenga matenda kwa amuna ena. Si zoona. Zotupazi sizipatsirana pogonana, ndipo zimapezeka ngakhale mwa amayi amene sanagonanepo ndi mwamuna. Ena amati ndi zolodzedwa, kuti wina wamuika chinthu m'mimba chifukwa cha nsanje ya ndalama za ku Joni. Si zoona. Amayi a ku London ndi ku New York amene sadziwa n'komwe mudzi wanu nawonso amadwala zomwezi. Ena amati ndi magazi amene anaundana chifukwa cha jakisoni wolera. Si zoonanso. Chotupachi ndi mnofu, si magazi, ndipo njira zina zolerera ndi zomwe achipatala amapereka pochepetsa kutaya magazi.

Palibe mankhwala azitsamba, tiyi wotsuka m'mimba kapena mabotolo ogulitsidwa pa renki ya basi amene anatsimikizika kuti amasungunula zotupazi. Ndaona mabanja atawononga bonasi yonse pa zimenezi kwa chaka chathunthu, magazi a mayi akunka natsika. Ngati mukufuna kupemphera, pempherani, koma pitaninso kuchipatala.

Bwanji ndikulankhula ndi abambo?

Ena adzati: "Izi ndi za amayi. Ali ndi anamkungwi, azakhali ndi anzawo a kumpingo. Mwamuna amafunsa bwanji za kumwezi?" Ndikuumvetsa mwambo umenewu, inenso ndinakulira momwemo. Koma tiyeni tione mmene moyo wa m'migodi ulili. Kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba, pamene agogo athu ankasaina kontirakiti n'kupita ku Joni kwa miyezi yambiri, mabanja athu akhala akuyendetsedwa patali. Malawi inasiya kutumiza anthu kudzera ku Theba m'chaka cha 1988, koma anthu sanasiye kupita, angoti masiku ano amapita paokha. Chimene sichinasinthe n'chakuti ndalama ili m'thumba la bambo amene ali kutali, ndipo m'mabanja ambiri mayi sangapite ku chipatala chachikulu kapena kuvomera opaleshoni asanamve mawu a mwamuna wake. Ngati bamboyo sadziwa kanthu, azakhali angalangize bwanji, ulendo sutheka.

Chachiwiri, bambo amene sadziwa amaweruza molakwa. Mumabwera pa tchuthi cha milungu itatu mu Disembala, n'kupeza mayi ali kumwezi masiku 12, mchere akuthiritsa mwana, ndipo akatha kusamba akuti akumva kuwawa. Mumtima mumayamba kuganiza kuti akukukanani chifukwa ali ndi wina. Ena amabwerera ku komboni atakwiya n'kukapeza chibwenzi, kenako n'kudzabweretsa HIV m'nyumba. Ena amakwatira mkazi wachiwiri poti woyambayo sakubereka, chonsecho vuto lake likanatheka kuchipatala. Dziwaninso kuti amayi ambiri a zotupa amatenga pathupi ndi kubereka bwinobwino, ndipo kusabereka m'banja nthawi zina gwero lake limakhala mwa bambo. Nonse awiri muyenera kuyezedwa.

Ena adzati ndalama sizikwana, pali fizi, feteleza ndi malata. N'zoona. Koma m'zipatala za boma ku Malawi chithandizo chake n'chaulere, chimene chimafunika kwambiri ndi thiransipoti, chakudya cha wodikira odwala, ndipo nthawi zina ndalama ya sikani ngati mwapita ku chipatala cha mishoni kapena cholipira. Yerekezani zimenezi ndi mayi amene sangathenso kulima, kugulitsa pamsika kapena kusamalira ana. Munda umene mukuutumizira fetelezawo amaulima ndi mayi yemweyo.

Amayi ogwira ntchito pamgodi

Kale lamulo linkaletsa amayi kulowa pansi pa mgodi ku South Africa. Zinasintha m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero amayi amavala ovolosi ndi majombo n'kutsika shafuti limodzi ndi abambo. Taganizani mayi amene akutaya magazi ambiri ali pansi maola 8, malo otentha, chimbudzi chili kutali, wavala ovolosi yolumikiza yovuta kuvula. Magazi akachepa, thupi silipirira kutentha ndi ntchito yolemetsa. Chizungulire pafupi ndi makina kapena pa makwerero ndi ngozi kwa iye ndi kwa anzake.

Chaka ndi chaka timawajambula chifuwa, timawayeza makutu, maso, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Koma nthawi zambiri palibe amene amafunsa kuti, "Mumasamba masiku angati?" Amayi nawonso sanena, poopa kuti alembedwa kuti sakuyenera ntchito. Ine ndikuti funso limeneli lizifunsidwa mwachinsinsi ndi namwino, mulingo wa magazi uziyezedwa, ndipo mayi auzidwe momveka kuti kuchepa kwa magazi kumachizika ndipo si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Mabungwe a anthu apantchito ndi oimira zachitetezo pa shafuti aikepo mtima pa nkhani ya zimbudzi za amayi zaukhondo, zokhala ndi loko, madzi ndi potaya mapadi. Akapitawo nawonso asamaone mayi wopempha kupita kuchimbudzi kawirikawiri ngati waulesi.

Palinso amayi amene anatsatira amuna awo, kapena anabwera okha kudzagulitsa malonda ndi kugwira ntchito za m'nyumba pafupi ndi migodi. Ambiri amaopa kiliniki chifukwa cha mapepala kapena chilankhulo. Malamulo aakulu a dziko la South Africa a 1996, pa gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo pa matenda adzidzidzi. Ngati mukutaya magazi koopsa, pitani. Tengani mnzanu wodziwa chilankhulo cha kumeneko kuti akuthandizeni kufotokoza.

Chithandizo chilipo

Kuchipatala adzakufunsani za msambo wanu, adzakugwirani pamimba, adzayeza ngati muli ndi pathupi, adzayeza magazi, ndipo adzakutumizani ku sikani. Sikani siipweteka, ndi yomwe ija amajambulira amayi oyembekezera. Ngati chipatala chaching'ono chilibe, adzakulemberani kalata yopita ku chipatala cha boma kapena ku chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba, Mzuzu, Chipata, Ndola, Kitwe kapena Tete.

Ngati zotupazo ndi zazing'ono ndipo sizikuvutitsa, amangoziyang'anira. Ngati magazi achepa, amapereka mapiritsi a ayironi oti mumwe kwa miyezi itatu kapena kuposa. Musawamwere tiyi, chifukwa tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, ndipo musadabwe chimbudzi chikada. Idyani chiwindi, nyama, usipa, matemba, nyemba, bonongwe ndi nkhwani, pamodzi ndi zipatso monga magwafa, malalanje ndi malambe. Koma chakudya chokha sichingabweze magazi ngati mukupitiriza kutaya ambiri.

Pochepetsa magazi otayika pali mapiritsi a tranexamic acid omwa masiku a msambo okha, pali ibuprofen amene amachepetsanso ululu, pali mapiritsi ndi jakisoni wolera, ndiponso lupu ya mtundu wina imene imatulutsa mankhwala m'chiberekero. Pewani aspirin pa nthawi ya msambo chifukwa angawonjezere kutaya magazi. Mankhwala amenewa amachepetsa vuto koma sachotsa zotupa.

Zotupa zikakhala zazikulu kapena magazi akapanda kuleka, pali opaleshoni ya mitundu iwiri. Yoyamba ndi yochotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero, yoyenera mayi amene akufunabe ana. Zotupa zikhoza kudzameranso, ndipo mayiyu akadzatenga pathupi ayenera kukachirira ku chipatala chachikulu chifukwa mwina adzafunika kubereka mwa opaleshoni. Yachiwiri ndi yochotsa chiberekero chonse. Ikatha imeneyi mayi sasambanso ndipo sangatenge pathupi, koma zotupa sizibwereranso. M'zipatala zina zazikulu, makamaka ku South Africa, muli njira yotseka mitsempha yopititsa magazi ku zotupazo kuti zifote popanda kung'amba mimba.

Abambo, mvetsani apa. Mayi amene wachotsedwa chiberekero ndi mkazi ndithu. Akachira, patatha pafupifupi milungu 6 kapena monga anganenere dokotala, mumakhala malo amodzi monga kale, ndipo ambiri amapeza bwino kuposa kale chifukwa ululu ndi magazi zatha. Thupi ndi lake, choncho womaliza kusankha ndi iyeyo atamva malangizo a dokotala. Ntchito yanu ndi kumulimbikitsa, osati kumuopseza kuti mumusiya.

Zoti muchite sabata ino

Amayi, yambani kulemba pa kalendala kapena m'kope tsiku limene mwayamba kusamba, tsiku limene mwasiya, ndi kangati mwasintha pa tsiku. Chitani zimenezi kwa miyezi itatu n'kupita nazo kuchipatala. Ngati muli kale ndi chizungulire kapena mukumva chotupa pamimba, musadikire miyezi itatuyo. Sungani bwino buku lanu la kuchipatala ndi pepala la sikani, ndipo muziyenda nazo mukamawoloka malire, kuti dokotala wa dziko lina asayambirenso pachiyambi.

Abambo, mukaimba foni Lamlungu, mukatha kufunsa za ana, mbuzi ndi chimanga, funsaninso kuti: "Nanga inu mayi, m'thupi muli bwanji? Kumwezi mukuyenda bwino?" Tsiku loyamba adzachita manyazi, mwina adzaseka. Funsaninso sabata yotsatira. Akakuuzani kuti masiku akuchuluka kapena magazi akuwonjezeka, patulani ndalama ya ulendo wa kuchipatala pa malipiro a mwezi womwewo, ndipo muwauze kuti ndi ya ntchito imeneyo basi. Ngati opaleshoni yakonzedwa, pemphani tchuthi kuti mukhalepo, ndipo uzani abale athanzi akonzeke kupereka magazi ngati achipatala angapemphe. Akatuluka m'chipatala, pezani wowathandiza kutunga madzi, kusinja ndi kulima kwa miyezi iwiri kapena itatu.

Bambo uja anapita kwawo pa Khirisimasi monga anakonzera. Ankhoswe anakumanadi, koma anakumana kuti iye apepese kwa mkazi wake ndi kwa apongozi. Atabwerera kuntchito anandipempha timapepala 10 tofotokoza za matendawa kuti akagawire anzake a m'chipinda chake ku hositelo. Ngati muli ndi mafunso, fikani ku kiliniki ya pamgodi wanu kapena ku chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo mukatha kuwerenga pepalali litumizeni kunyumba.